Khadi la Wokwera Kavalo

Kwathu kunali mtendere. Amayi ankasoka zovala pakhonde, ndipo m'mawa uliwonse tinkapemphera makina asanayambe kulira. Achemwali anga ankaphunzira zosoka kusukulu ya ntchito zamanja. Wopambana mayeso omaliza ankayenera kulembedwa ntchito pafakitale ya mayunifomu, koma malo anali amodzi okha.

Tsiku lina ndinawaperekeza kokaluka tsitsi. Mayi wa pasaluniyo anatulutsa makadi olosera zam'tsogolo m'kachikwama kofiira.

"Sankha limodzi, chiphadzuwa. Saluma ayi."

Achemwali anatembenuza khadi. Panali munthu atakwera kavalo woyera, nkhata ya masamba kumutu, khamu la anthu litakweza ndodo momuzungulira.

"Eee, chipambanotu ichi!" anatero mayiyo. "Nkhatayi ndi ulemu. Wapakavaloyu ndiwe. Apansiwa ndi anzako a m'kalasi, akukuchemerera."

Ine ndinangodzifunsa mumtima kuti munthuyo anachita chiyani asanakwere kavalo.

Kuyambira pamenepo achemwali anasiya kugwira singano. Ankadzuka dzuwa litakwera, n'kumayeserera pagalasi mmene adzamwetulire polandira satifiketi.

"Mwanangu, bwera tidule mikono ya malaya," amayi ankatero. "Pamenepa dzanja lako silinakhwime."

"Amayi, zinalembedwa kale. Ndidzivutitsirenji?"

"Analemba ndani? Kapepala kali ndi maso? Za mawa amadziwa ndi Mulungu, ndipo sanauze munthu kuti azigona."

"Nsanje basi, poti inu mwakalambira pakhonde."

Amayi anangovula magalasi n'kutikita maso. Komabe m'mawa wa mayeso ndinawaona akunola sizasi yawo yabwino, n'kuiika mwakachetechete m'chikwama cha achemwali.

Kumayeso aliyense anapatsidwa nsalu yongokwana malaya amodzi. Achemwali anadula mothamanga kuti amalize oyamba. Anadula mkono woyamba, kenaka wachiwiri, osatembenuza pepala loyezera. Yonse iwiri inatuluka yakumanzere, ndipo nsalu ina panalibe.

Ntchito inapita kwa mtsikana wina amene achemwali ankamuseka kuti ndi kamba. Iye ndi amene anawanyamulira chikwama mpaka pokwerera basi.

Achemwali anapita kusaluni akulira. Mayi uja sanasiye n'komwe mutu umene ankaluka.

"Ndiye ndikanakusokera ine? Sankha lina, mwina lero likukomera."

Achemwali anafika kunyumba atatopa ngati wodwala. Anaima nthawi yaitali pakhonde, kenaka anagwada pafupi ndi makina.

"Amayi, ndikhululukireni. Ndinakunyozani."

Amayi anapuma mozama. "Dzuka, bondo silisoka. Pali masiketi asanu ndi atatu ofunika kupinda m'munsi."

Mpaka lero achemwali akupinda masiketi a anthu, ndipo fakitale sinaitanenso. Anzanga, thawani olosera. Amakuuzani zimene makutu anu akufuna, ndipo ulesi umabwera pambuyo pake. Ulemu umene simunaukhetsere thukuta musauwerengere ngati wanu.