Elube Aona Mzinda wa Abambo

Elube amakhala ku Nsungwi. Abambo ake amayendetsa thiraki. Amakatenga katundu ku Dar es Salaam. Apita kalekale. Elube wawasowa.

Elube akufuna kuona kumene kuli abambo. Akufunsa amayi. Amayi sanafikeko. Akufunsa aphunzitsi. Aphunzitsi akumuonetsa kadontho pa mapu. Kadontho sikokwanira.

Loweruka kwabwera azakhali a Dailesi. Iwo amagwira ntchito yojambula mapu m'tauni. Abweretsa pepala lalikulu la chithunzi cha Dar es Salaam. Aliyala pa mkeka.

Elube akuyang'ana. Akuona zakuda. Akuona zoyera. Sakuona nyumba. Sakuona thiraki.

"Azakhali, chithunzichi chinaonongeka," akutero Elube.

Azakhali akuti sichinaonongeke. Chinajambulidwa kumwamba kwambiri, kupitirira mitambo. Chinajambulidwa ndi makina otchedwa rada.

Azakhali akupita naye kuseri kwa nyumba. Kuli mgolo wopanda madzi.

"Fuula mumgolomu," akutero azakhali.

Elube akufuula. Mawu ake akubwerera. Akufuulanso. Akubwereranso.

Azakhali akuti rada imachitanso chimodzimodzi. Imatumiza mphamvu yake pansi. Kenako imamvetsera zobwerera. Mitambo siitchinga. Imadziwa pokwera. Imadziwa potsika.

Abwerera pa mkeka. Pa madzi osalala, zobwerera n'zochepa. N'chifukwa chake nyanja yada. Pa malata ndi makoma, zobwerera n'zambiri. N'chifukwa chake mzinda wayera.

Tsopano Elube akuona. Uwu ndi mzinda. Ichi ndi chilumba cha Zanzibar. Pakati pake pali mpata wa madzi. Mumpatamo muli timadontho toyera. Timadonthoto ndi sitima.

Elube akufunafuna thiraki ya abambo. Azakhali akuti thiraki yachepa kwambiri. Koma akumulozera doko. Abambo amapakira katundu pamenepo. Elube akuika chala pa doko. Sakuchichotsa msanga.

Lamulungu masana foni ya amayi ikulira. Ndi abambo.

Elube akuwauza za doko. Akuwauza za sitima zisanu ndi ziwiri. Akuwauza za chilumba.

Abambo akuseka.

"Ine ndafika kuno kambirimbiri," akutero abambo. "Koma chilumbacho sindinachionepo. Udzandionetse."

Lachisanu abambo afika. Sanavule n'komwe nsapato. Agwada pa mkeka, amayi pambali pawo. Elube wagwira chala cha abambo. Akuchiyendetsa pang'onopang'ono pa madzi akuda, mpaka pa chilumba.