Chimbale Chomaliza cha Mdala wa Besi

Mdala wa Besi, katswiri wa gitala ya besi, anakwatira woimba wa m'gulu lake, ndipo kwa zaka makumi awiri ankagawana maikolofoni imodzi osapondana zala. Imvi zitamugwira, anaganiza zojambula chimbale chomaliza cha nyimbo za fanki ndi bulusi, kuti achinyamata adziwe kuti besi ili ndi eni ake.

Vuto linalipo limodzi, ndipo palibe ankalitchula. Masipika anali atamudya makutu. Ankaimba mophonya osadzimva.

Situdiyo inali kachipinda kopanda zenera, makoma omata masiponji, fani yakufa. Mkazi wake ankalowa m'kachipinda kagalasi n'kuvala mahedifoni, wojambula nyimbo n'kumamulankhula kudzera momwemo. Mdala ankakhala pakona, gitala pamiyendo, kumangoona milomo ikuyenda. Wojambula anong'one, mkazi amwetulire. Akafunsa chomwe akuseka, ankangomuuza kuti n'zantchito.

Nsanje ndi chiswe, abale. Imadya m'kati, kunja mtengo uli chilili.

Woimba ng'oma, munthu wapakamwa posatseka, anamuuza kuti mayi amabwera ku situdiyo m'mawa uliwonse iye kulibe, n'kudzitsekera awiriwiri ndi wojambula. Anawonjezera moseka kuti kapena besi yaduka mawaya. Mdala atafunsa kunyumba, mkazi anati amapita kumsika, koma maso ali pansi.

"Mayi, musandiyese mwana. Maso ndili nawo."

"Bambo, zisiyeni chonde. Mukadziwa zikupwetekani."

Mawu amenewo ndiwo anamumaliza. Chakudya chinasiya kulowa. Nyumba yake yomwe inamuchepera.

Lachitatu m'mawa anamutsatira mkazi wakeyo. Atakankha chitseko, anapeza mitu iwiri itagundana pa kompyuta, akumvera mahedifoni amodzi. Sanafunse kanthu. Ananyamula chitsulo choimikira maikolofoni n'kumenya wojambula m'mutu kawiri. Munthu anatsirizikira panjira yopita kuchipatala.

M'khoti mkazi anaulula zonse uku akulira. Wojambula uja ankakonza mawu a Mdala mzere ndi mzere, iye n'kumaimba pamwamba paliponse pamene mwamuna wake waphonya, kuti chimbale chikatuluka anthu asamuseke. Anabisa poopa kumuvula ulemu. Kenaka a khoti anaika nyimbo imodzi kawiri, yosakonza ndi yokonza. Khoti lonse linamva kusiyana kwake, kupatula mwini nyimbo. Woweruza atagamula zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, wapolisi anachita kumubwerezera kukhutu.

Lero ali m'selo yodzaza, mogona chammbali, moti kutembenuka n'kupempha kwa mnzako. Mkazi wake sanapondeko. Ana a wojambula akukula opanda bambo, ndipo palibe nyimbo ingawabwezere.

Mwamuna wokweza dzanja asanatsegule pakamwa ndi chitsiru, ngakhale akhale katswiri. Koma nanunso obisira munthu vuto lake n'kumati ndi chikondi, dziwani ichi: pamalo pomwe mwachotsa choonadi, iye amaikapo bodza lakelake, ndipo lakelo limakhala loipa kuposa lanu.