Nkhope Yotsala pa Ndalama

Chimene chinkamudya Tiberio chinali mphuno ya Dario, mapasa mnzake. Kalasi yawo ku Ostia inali itaumba ndalama yadongo yaikulu ngati mbale, n'kuipaka utoto wagolide, potengera ndalama yakale ya Aroma yokhala ndi ana awiri a mfumu. Aphunzitsi a Ferretti anaikapo nkhope za mapasawo. Koma aliyense wodutsa ankangoloza mbali ya Dario.

"Iyi ndiye mphuno yachifumu!" ankatero atsikana. "Winayu akungokhala ngati wogulitsa nsomba."

Tiberio ankaseka nawo, koma nsanje inali itamufika pakhosi. Pa nthawi yopuma, anzake ali kalikiliki kudya pitsa panja, analowa m'kalasi ndi msomali. Anapala mphuno ija, diso, chibwano, mpaka kumbali ya Dario kunangotsala dongo lofiira. Anavundikiranso ndalamayo ndi nsalu yake n'kutuluka akuimba mluzu.

Masana omwewo kalasi inapita kunyumba yosungira zinthu zakale. Ndalama zagolide zinkanyezimira m'galasi, mafumu atavala nkhata zamasamba kumutu. Pambali panali ina yamkuwa ya nkhope ziwiri, imodzi itapalidwa.

"Mfumu iyi inapha m'bale wake," anatero a Ferretti, "kenako inalamula kuti nkhope yake ifufutidwe paliponse."

"Ndiye woipayo ndi wofufutidwayu?" anafunsa Ilaria, mtsikana wosatha mafunso.

"Ayi, mwanawe. Ndi amene watsalayu."

Ana anaunjikana kuti achione bwino chigawengacho. Tiberio anaima kumbuyo, msomali ukumubaya m'thumba.

Atabwerera kusukulu anapeza makolo atafika kale kudzaona ntchito ya ana. A Ferretti anavundukula nsalu ija. Palibe anafunsa kuti wachita ndani. Maso onse, ngakhale a mayi a mapasawo, anachoka pa nkhope yotsalayo n'kutera pa mwini wake.

Dario anayandikira, nasisita ndi chala pomwe panali nkhope yake. Sanalire, ndipo zimenezo zinamupweteka Tiberio kuposa mbama.

"Achimwene," anatero motsitsa, "aphunzitsi ankafuna kuikapo ine ndekha. Ndinakana. Ndinati popanda inu sindikhalapo."