Wolemba Mabuku Amene Anagulitsa Mathero a Nkhani

Sing'anga anamuuza kuti chuma achipeza osapha munthu, osagona kumanda, ngakhale nkhuku osapereka. Munthu wanzeru akanatola chipewa chake n'kutuluka. Koma uyu anali wolemba mabuku.

Mabuku ake ankangodya fumbi m'sitolo, ndipo ena mkazi wake anachirikizira mwendo wa tebulo. Mlamu wake, wogulitsa matayala, ankaimika galimoto pakhomo n'kufuula kuti, "Alamu, ntchito yeniyeni mudzayamba liti?" Mawuwa ankamudya mumtima. Tsiku lina masana analowa m'kachipinda kuseri kwa malo ometera tsitsi, mmene sing'anga uja ankalandiriramo anthu atakhala pampando wozungulira ngati bwana.

"Mukufuna mabuku anu aziwapanga mafilimu," anatero sing'angayo asanafunsidwe. "Tengani inki iyi, muzidontheza patsamba loyamba. Lamulo ndi limodzi. M'buku lililonse muziikamo m'bale wanu weniweni, kayendedwe kake, kasekedwe kake, osabisa kanthu. Chimene chidzamuchitikire mufilimu, chidzamuchitikiranso kunyumba."

"Basi? Cholemberatu chili m'manja mwanga. Ndiziwalembera zabwino zokhazokha."

"Chili m'manja mwanudi, bambo," anatero sing'anga uku akumwetulira. "Za malipiro anga musavutike. Amabwera okha."

M'buku loyamba anaikamo mlamu wake uja, ndipo zabwino zija anaziiwala: anamuwotchera sitolo. A kampani ya mafilimu analigula asanamalize n'komwe kuliwerenga. Filimu itangotuluka, sitolo ya matayala inapsa yonse. Wolembayo anapita kukapepesa atavala suti yatsopano.

Chuma chinabweradi: nyumba yosanja, galimoto, ndi atolankhani omutchula katswiri. Popeza chumacho sichinamukwane, analemba buku lachiwiri. Umu anaikamo mwana wake wamkazi mmodzi yekhayo, amene ankaphunzira unamwino ndipo ankaphimba pakamwa akamaseka. Anamulembera moyo wokoma, ukwati wabwino ndi ukalamba wa zidzukulu.

Bwana wa kampani uja ananenerera naye mtengo tsiku lathunthu. Wolembayo anakakamira mpaka bwanayo anagonja. Atanyamuka kale, bwanayo anati, "Kanthu kakang'ono, akulu. Mutilole tizisintha nkhani apa ndi apo." Iye, mtima uli m'mwamba poti wapambana, anasaina. Kanthuko anapereka kwaulere.

Atapita kukaona mmene ankajambulira, anapeza anthu akulowetsa bokosi la maliro pakati pa makamera.

"Bokosili n'la ndani?" wolembayo anafunsa wotsogolera filimuyo.

"La namwino wanuyo. Tamupatsa matenda, afera pabedi. Mathero anu aja ngogonetsa tulo, achimwene. Anthu amalipira kuti alire."

"M'buku mwanga samwalira!"

"Buku lanulo analiwerenga ndani? Chokani, mukutitchingira kuwala."

Wolembayo anakagwadira bwana wa kampani, kulonjeza kubweza zonse. Bwanayo anaitana mlonda. Wolembayo anathamangira kwa sing'anga, thukuta lili kamukamu.

"Ine sindinalembe imfa, agogo! Ndi iwowo!"

"Ndinati mufilimu, bambo. Za buku sindinatchule. Munagulitsa mathero nokha, pamtengo wabwinonso, ndamva."

"Tengani ineyo m'malo mwake!"

"Inu? Ndani angalire?"

Wolembayo anadzaza nyumba ndi madokotala, mwana wake uja n'kumaseka ataphimba pakamwa. "Ababa, inetu ndili bwinobwino. Kapena mukufuna kulemba za odwala?" Tsiku loonetsa filimuyo koyamba, anamukhazika wolembayo pampando wakutsogolo. Anthu analira, kenako anaimirira kuwomba m'manja. Ali mkati mowomba, foni inalira m'thumba mwake. Anali mkazi wake, akulira maliro a mwana wawo.

Pamaliro anaulula zonse. Mkaziyo anamulavulira kumaso n'kupita kwawo. Masiku ano mungamupeze pakhomo pa nyumba yoonetsera mafilimu, wopanda nsapato, akukoka anthu malaya. "Mutuluke isanathe! Chonde, mutuluke isanathe!" Alonda amamuthamangitsa, anthu n'kumalowabe, poti filimuyo ndi yokoma.

Dyera limachititsa munthu kukangana pa mtengo mpaka kuiwala kuyang'ana chimene akugulitsa. Chuma cha mankhwala chili ndi wolipira, ndipo kawirikawiri si amene anakachipempha. Sing'anga sanataye kanthu, bwana wa kampani anamanga nyumba ina. Wolipira anali mtsikana amene sanaonepo nkhope ya sing'angayo, ndipo anapereka moyo wake wonse, popanda chenje.