Usiku Umene Belu Linazimitsidwa

"Ine mphuno yangayi ndi makina paokha," anatero a Manijala, akuigogoda ndi chala ngati munthu wosankha chivwende. "Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndili pa fakitale ino. Gasi akangotuluka penapake, ndimamumva ndili mu ofesi, chitseko chili chotseka."

Ankauza dalaivala wa lole amene ankadikira mapepala a katundu, ndipo dalaivalayo anavomera ndi mutu, poti wodikira siginecha satsutsa. Kuseri kwa chipilala, Nabelu anali chogwada akulongedza zida zake m'chikwama. Gasi amene amaika m'zakumwa kuti zizichita thovu alibe fungo, alibenso mtundu. Mphuno ya a Manijala inali yaikulu ndithu, zimenezo palibe akanakana, koma kukula kwa mphuno ndi nkhani ya kumtundu, si luso.

Dzina loti Nabelu anamupatsa ndi anzake apantchito, chifukwa ndiye anaika makina ochenjeza za gasi m'chipinda chapansi, kunsi kwa matanki. Anamangirira timphuno tachitsulo tomva gasi tisanu ndi kamodzi m'makoma, tonse mulingo wa m'mawondo, poti gasi ameneyu ndi wolemera: amakwawa ngati madzi, n'kudzaza chipinda kuyambira pansi. A Manijala ankafuna timphunoto tikhale m'mwamba, poti alendo azitiona. Nabelu anati alendo angathe kuwerama. Mawaya onse ankathera m'bokosi la pakhoma, pamwamba pa masitepe. Gasi akachuluka, belu linkalira, mafani otulutsa mpweya ankayamba okha, makina odzaza mabotolo ankaima, ndipo aliyense ankatuluka kukaima pabwalo.

Sabata imeneyo belu linalira katatu. Kachitatuko a Manijala anali pa foni ndi eni ake a kampani, akuwauza kuti zonse zili bwino.

Ndiye madzulo amenewo Nabelu anatsala. Anatsegula mafani, anatsika ndi kabotolo ka gasi woyesera, n'kupopera kamphuno kalikonse. Tonse tinayankha molondola. Analemba m'buku, n'kupita nalo kwa a Manijala.

"Makina anuwa ndi amantha, mayi," anatero iwo, osaliyang'ana bukulo.

"Si amantha, bwana. Paipi ya thanki yachinayi ikutaya gasi polumikizira. Tiimitse ntchito masiku awiri, tikonze."

"Masiku awiri! Mwawerenga malole ali panjapo? Zimitsani mpaka Lolemba."

"Sindizimitsa."

"Ndati zimitsani."

"Ndamva, bwana. Makutu angawa ndi akuthwa ngati mphuno yanuyo. Sindizimitsa."

A Manijala anatambasula dzanja. Kiyi wa bokosi anali katundu wa kampani, ndipo Nabelu anamupereka. Iwo anayenda okha kukafika pabokosipo, anapotokola kiyi, nyali yobiriwira n'kuzima. Mafani a pansi anazungulira pang'ono n'kukhala chete.

"Mawa mudzatenge kalata yanu pa geti," anatero, akuponya kiyi m'thumba la jekete. "Mkati muno musadzapondemonso."

Pamene ankatuluka, basi ya antchito inali itapita kalekale. Leveni koloko inali itakwana. Anakoleka chikwama paphewa n'kuyamba wapansi, akuyenda mwamphamvu ngati msewuwo ndi umene wamuchotsa ntchito.

"Ine ndakana," ankadziuza yekha. "Ndalemba m'buku, ndasaina. Zotsalazo ndi zawo."

Analambalala mpanda wa fakitale, anadutsa nyumba zosungira katundu zokhoma ndi maloko akuluakulu. Magetsi a mumsewu anathera pa galaja ya malole. Kuchokera apo kunali mdima mpaka pa mlatho wa ngalande, imene imatenga madzi otsukira a kufakitale. Kunkazizira, ndipo mphepo inkathamangitsa mapepala a pulasitiki mumsewu.

Kutsogolo kunaoneka kamoto.

Kanali pansi kwambiri. Nabelu anayesa mwana wanyamula nyali, koma mwana wa ndani nthawi imeneyo? Atayandikira anaona kuti ndi bambo wamkulu, wovala ovolosi yakale ya kufakitale, ija ankavala kampani isanasinthe mtundu. Ankayenda chowerama, kandulo ili m'dzanja, ataitsitsa mpaka m'mawondo.

"Zikomo, bambo," anatero Nabelu, akupatuka.

"Pansi, mayi," bamboyo anayankha osadzutsa mutu. "Muziyang'ana pansi. Amayambira kumapazi."

Woledzera, anaganiza Nabelu, n'kuwonjezera liwiro. Zida zinkalira m'chikwama. Nsapato zake zinkalira pa simenti ya mlatho. Zake zokha. Bamboyo anali pambali pake, majombo m'miyendo, koma majombowo sankamveka.

Mphepo inawomba mwamphamvu. Lawi la kandulo linangoima chilili.

Nabelu anaima. Bamboyo anali kutsogolo kwake.

"Atsika angati usiku uno?"

"Ku... kuti?"

"Inazima, mayi. Ndinakwera, ndinanena kuti kandulo yazima. Anati ndi mphepo. Kupansi kuja kuli mphepo?"

Apo ndi pamene anadzutsa mutu. Nkhope inali ya munthu wamba, yotopa, chipsera chili pamwamba pa diso. Dzanja logwira kandulo linalibe chala chaching'ono. Nabelu anaona mpweya wake womwe ukutuluka m'kamwa ngati utsi, chifukwa cha kuzizira. Anayang'ana pakamwa pa bamboyo. Panalibe utsi. Anayang'ana pachifuwa...

Sichinkakwera. Sichinkatsika.

Nabelu anafuna kuthawa. Koma tsiku limenelo anali atakalipiridwa kale mokwanira ndi amoyo, ndipo mkwiyo unali usanathe m'thupi.

"Ine ndakana!" anakuwa. "Ndalemba m'buku! Mundivutitsiranji ine? Pitani kwa a Manijala!"

"Ndinayesa," anatero bamboyo modekha. "Amadutsa pa galimoto, magalasi otseka."

Kenako anayamba kutsitsa kandulo. Pang'onopang'ono. Lawi linafupika. Linasanduka lobiriwira. Linatsala kadontho...

"Thwelofu koloko, mayi. Amatsika ndi zidebe."

Thi!

Mdima. Pamlatho panalibe munthu. Madzi okha ankayenda pansi.

Zidebe! Lachinayi lililonse pakati pa usiku amayi otsuka ankatsika kukakolopa chipinda chapansi. Ankakolopa chowerama, nkhope zili m'mawondo. Ndipo tsikulo linali Lachinayi. Nabelu anali atawerenga manambala onse, koma tsiku sanaliwerenge.

Kwawo kunali kutsogolo. Nabelu anatembenuka n'kuthamangira kumene anachokera. Anali mayi wa zaka makumi anayi ndi zisanu, ndipo kuthamanga anasiyira kusukulu, koma usiku umenewo miyendo inakumbukira.

Pa geti panali mlonda wokalamba, chibonga chili m'khwapa.

"Mayi, andiuza kuti musalowe."

"Ndiye ndigwireni, achimwene."

Mlondayo anayang'ana chibonga, anaganizira za msana wake, kenako anachita chidwi kwambiri ndi nyenyezi. Nabelu anadutsa.

Pamwamba pa masitepe panali amayi anayi ndi zidebe zawo. Wamkulu wawo, amene fakitale yonse inkamutcha Azakhali, anali ataponda kale sitepe yachiwiri.

"Imani pomwepo! Azakhali, bwererani!"

"Iii, Nabelu, si ndamva kuti akuchotsa iwe?"

"Andichotsa mawa. Lero ndikadali pantchito."

Kiyi analibe, koma amene anamangirira mawaya sapempha kiyi. Anatsegula bokosi ndi sikuludiraiva, anagwira mawaya awiri a kuseri kwa loko, n'kuwalumikiza. Nyali yobiriwira sinayake n'komwe. Inayaka yofiira. Belu linang'amba fakitale yonse, mafani anabangula, makina odzaza mabotolo anaima. Pa kagalasi ka bokosi panatuluka nambala imene Nabelu anali asanaionepo kunja kwa buku la malangizo.

Onse anatuluka kukaima pabwalo: antchito a usiku makumi anayi, amayi a zidebe, ndi madalaivala amene anadzuka m'malole mwawo atafunda mabulangete. A Manijala ankakhala m'nyumba ya kampani kuseri kwa mpanda, ndipo anafika atavala jekete pamwamba pa zovala zogonera, kuti ulemu usatayike.

"Mwathyola katundu wa kampani!" anakuwa, akuloza Nabelu. "Ndiitana apolisi!"

"Aitaneni, bwana. Akabwera muwaonetse nambala ili pabokosipo. Amayi anayiwa akanakhala pansi paja mphindi zochepa chabe, bwenzi mukuitana a mabokosi ena."

Anthu anang'ung'udza. Azakhali anali akadagwira chidebe chawo, ndipo anamuyang'ana Nabelu nthawi yaitali.

"Mwana wanga, unali utapita. Wabwereranji?"

Nabelu akanatha kunama kuti anangokumbukira. Koma kuthamanga kuja kunali kutamutopetsa, ndipo bodza limafuna mphamvu. Anafotokoza zonse: mlatho, ovolosi yakale, kandulo ya m'mawondo, mawu oti inazima koma anati ndi mphepo. A Manijala anaseka, nayang'ana uku ndi uku kufuna wowathandiza kuseka. Sanapezeke.

"Nkhope unaiona?" anafunsa Azakhali.

"Chipsera pamwamba pa diso. Dzanja lopanda chala chaching'ono."

Azakhali anatula chidebe pansi bwinobwino, osataya dontho.

"Chalacho chinadyedwa ndi makina otsekera mabotolo. Chipseracho ndinawapatsa ndine, ndi chivundikiro cha poto, tili achinyamata. Amenewo ndi bambo a ana anga. Tinawaika m'manda zaka khumi ndi zinayi zapitazo."

Belu linali likulirabe.

"Anawapeza m'mawa pansi pa mlatho womwewo," anapitiriza Azakhali. "Akuti analedzera pochoka kuntchito, n'kugwa. Munthu woti mowa ngakhale wa paukwati sankalawa. Kampani inandipepesa ndi chidebechi."

Mlonda uja anali atasiya geti. Anavula chipewa n'kuchigwira pamimba ndi manja onse awiri.

"Sanafere pa mlatho, Azakhali," anatero. "Anafera pansi apo. Nthawi imeneyo kunalibe mabelu, ankayesa ndi kandulo. Titawatulutsa, anatiuza kuti akapezeka mkati muno fakitale itsekedwa, tonse tikakhala pakhomo. Miyendo ndinagwira ine. Kumutu anagwira a kapitawo a nthawi imeneyo."

Sanatchule dzina. Panalibe chifukwa. Mitu makumi anayi inatembenukira kwa munthu mmodzi yekha amene anali atakhala pa fakitaleyo zaka zokwanira kukwera kuchoka pa ukapitawo.

A Manijala anakonza kolala ya jekete. Anatsokomola. Anayamba kunena kuti nkhani zotere zili ndi ofesi yake ndi nthawi yake, ndipo kampani ikhoza kuona zoti ichite pa nkhani ya chipepeso.

"Ndani wakupemphani ndalama?" anatero Azakhali. "Ana anga akula akutchedwa ana a chidakwa. Wamkulu anasiya kupita kumanda kwa bambo ake chifukwa cha manyazi. Munawalanda dzina, bwana. Bwezani. Pompano."

A Manijala anayang'ana ku geti. Madalaivala anali ataima pamenepo ndi mabulangete awo, osati moopseza, koma geti ndi lopapatiza. Anayang'ana pansi, n'kung'ung'udza mawu osamveka.

"Belu likusokosa, bwana," anatero Nabelu. "Sitikumva. Ndipo kuzimitsa sindizimitsa."

Munthu amene kwa zaka zambiri ankakweza mawu pa zinthu zazing'ono anayenera tsopano kuwakweza pa chinthu chachikulu, ndipo mawuwo anatuluka opyapyala ngati a mwana.

"Sanaledzere! Anabwera kudzandiuza kuti kandulo yazima. Ndinati abwerere akamalize ntchito. Ndinawatumiza ndine!"

Azakhali sanalire. Anakhuthula madzi a sopo pafupi ndi masilipasi a a Manijala, anagadabuza chidebe, n'kukhalapo atapinda manja.

"Chabwino," anatero. "Kukacha mukanenenso zomwezi kwathu, ana ali pomwepo. Paipi ija ikonzedwe ndi mayi uyu, osati wina. Mpaka pamenepo, pansi apo satsikapo munthu."

Amayi atatu aja anagadabuzanso zidebe zawo n'kukhala pambali pawo. Ndipo usiku umenewo sanatsike munthu.