Tayala Lakumbuyo Kumanzere

Tumijan anatuluka pageti pa a Haji Mashuri 11 koloko ya usiku itadutsa, mimba itadzaza mpunga wachikasu ndi nkhuku, sipanala yake yaikulu ili paphewa. Njinga yamoto ija amanyamulirapo jeke ndi pampu pozungulira m'makomo ndi m'maofesi kusintha matayala a anthu anaisiya komweko, chifukwa nyali yake inali itapsa. Kwawo kunali kutsidya kwa mtsinje, ulendo wa theka la ola wapansi.

"Gonani konkuno, amisiri," anatero a Haji. "Pamlatho paja sadutsapo munthu yekha nthawi ino."

"A Haji, mizimu ilibe matayala. Ndiye ine ndi iyo tikanganirana chiyani?" anayankha Tumijan uku akuseka.

Ndi mmene analili munthuyo. M'tauni yathu ino, kuno kum'mawa kwa Java, panalibe mwini galimoto amene analibe nambala yake ya foni. Ankadzitama kuti pa zaka makumi awiri palibe tayala lomangidwa ndi iye limene linagwederapo. Kunena zoona ntchito ankaidziwa. Chimene chinkatitopetsa n'chakuti ankatikumbutsa zimenezi tsiku ndi tsiku.

Koma tsiku limenelo anali atalakwitsa, ndipo mwini wake sankadziwa. A Haji anamuitana masana kuti adzaike matayala anayi atsopano paminibasi yawo, imene m'bandakucha inkayenera kunyamuka ndi amayi akumzikiti kupita ku Tuban kukapemphera kumanda a anthu oyera. Mmodzi mwa amayiwo anali Ngatemi, mkazi wake wa Tumijan yemweyo. Matayala atatu anawamanga bwinobwino. Lachinayi, lakumbuyo kumanzere, anali atangolowetsa manati ndi zala pamene kumzikiti anaitana swala, pemphero la madzulo. Kwathu kuno dzuwa likamalowa zida zimaikidwa pansi, ndipo munthu wamkulu akakugwira mkono kuti ulowe udye nawo chakudya chopempherera ulendo, sumuuza kuti ayambe wadikira. Tumijan anatsitsa jeke, n'kutseka chivindikiro patayalapo kuti ana asaseweretse manati, amvekere mumtima: ndimaliza ndikadya. Chakudya chinabala tiyi, tiyi anabala nkhani, ndipo pamene ankatuluka minibasi inkaoneka ngati yatha kukonzedwa.

Anadutsa mashopu otseka, n'kulowa msewu wa m'minda ya mpunga akuimba mluzu. Achule anali pakalapakala kulira mbali zonse. Atafika pamanda aja ali ndi mitengo ya maluwa oyera, pamene anthu aulemu amapereka moni kwa ogona, iye anangosintha nyimbo. Mantha kwa iye zinali za ana ndi akazi apamsika.

Kenako achule analeka kulira. Onse, nthawi imodzi.

Mluzu unamuuma pakamwa. Kutsogolo, cha kumlatho, kunkamveka kachitsulo kakugwa pasimenti. Ngwee... Kenako zii. Ngwee...

Pakati pa mlatho panali munthu atanjuta, atamufulatira. Patsogolo pake panali tayala limodzi litaimikidwa. Galimoto panalibe. Tumijan anamasuka pang'ono, chifukwa tayala ndi chinthu chimene ankachidziwa.

"Zavuta, bambo? Mwakumana ndi mwini ntchito."

Munthuyo sanatembenuke. Anali ndi kathawulo m'khosi monga amachitira madalaivala, ndipo malaya ake ankadontha madzi. Mvula inali isanagwe miyezi iwiri.

"Bwerekeniko sipanala, achimwene," anatero ndi mawu otsika, ngati akulankhulira mumgolo.

"Galimoto yanu ili kuti?"

"Pansi."

Analoza kumtsinje. Dzanja lakelo linalibe chala chaching'ono.

Munthuyo anatola nati, n'kuipotokola ndi zala patayala paja. Inazungulira, inazungulira, osagwira. Ngwee! Inagwa. Anatola ina. Ngwee! Fungo la matope a pansi pa mtsinje linadzaza mlatho wonse.

"Zala sizimanga tayala, achimwene..." Mutu wake unayamba kutembenuka pang'onopang'ono. "Lakumbuyo kumanzere... Ndimati ndimaliza ndikadya."

Mayo ine! Mawu omwe aja! Tumijan anaona zonse ngati masana: jeke akutsika, chivindikiro chikutsekeka, manati asanu osamanga. Ngatemi!

Nkhope ya munthuyo sanaidikire. Anatembenuka, liwiro mtondo wadooka. Manda anawadutsa akupereka moni mokuwa, kawiri konse. Nsapato imodzi inatsala m'njira. Sipanala yokha ndiyo sanaitaye.

Anamenya geti ya a Haji mpaka agalu a mzere wonse anadzuka. A Haji anatuluka atangodzikulunga nsalu m'chiuno, tochi ili m'manja.

"Kwagwanji, amisiri? Mizimu yapeza matayala?"

Tumijan analowa mothamanga. Anagwada pafupi ndi minibasi, n'kukanganula chivindikiro chija. Nati yoyamba inazungulira ndi zala ziwiri zokha. Yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu inachoka n'kugwera m'dzanja mwake. Pamenepo mwamuna wodzitama uja anakhala pansi m'fumbi n'kulira ngati mwana, ndipo ine sindimuseka. Msewu wa ku Tuban uli ndi zitunda ndi makona, ndipo tayala limenelo silikanafika ngakhale kunja kwa tauni.

Atapukuta misozi anakweza jeke, namanga manati onse motsatana mopingasa monga mwa ntchito yake, natsitsa galimoto, nabwerezanso kukunga iliyonse mpaka sipanala inalira. Kenako anazungulira matayala atatu ena aja, amene ankadziwa bwino kuti ndi olimba, n'kuwayesanso limodzilimodzi.

"Mwakumbukira bwanji pakati pa usiku?" anafunsa a Haji, nthabwala zitawathera.

"Sindinakumbukire ine. Andiuza bambo ena pamlatho."

Anawafotokozera za tayala lopanda galimoto, za malaya onyowa, za kathawulo m'khosi. Atatchula za dzanja lopanda chala chaching'ono, a Haji anatsitsa tochi. Anakhala pansi pang'onopang'ono pakhonde.

"Ameneyo ndi Paiman," anatero. "Anali dalaivala wanga inu musanayambe kundigwirira ntchito. Chalacho chinadulidwa ndi jeke ali mnyamata. Matayala ankasintha yekha, sankalola munthu kumukhudzira galimoto. Zaka khumi ndi zinayi zapitazo tayala linamuchokera pamlatho pomwepo, m'mamawa, akupita kukatenga anthu. Tinamuvuula pa tsiku lachitatu. Ali m'manda mwadutsa aja."

Anayang'ana tayala lakumbuyo kumanzere. Kenako anaphimba nkhope ndi manja.

"Apolisi anati anali wosasamala, ndipo ine ndinangokhala chete. Koma madzulo ake ngoziyo isanachitike, amene anamugwira mkono kumuchotsa patayala kuti adzadye, ndinali ine."