Numeriyo ndi Mzere wa Makolo

Kale, pamene mzinda wa Roma unkalamulidwa ndi akuluakulu a bwalo, kunali munthu dzina lake Numeriyo Atela. Anayamba ngati msilikali wosenza zikhomo za msasa, nakwera mpaka kukhala woweruza milandu, kenaka mtsogoleri wa nkhondo. Zaka zisanu ndi ziwiri analimbana ndi anthu a kumapiri, ndipo anawagonjetsa.

Tsono Aroma anali ndi mwambo wawo. Makolo awo analima mzere kuzungulira mzinda. Mtsogoleri wochokera ku nkhondo ankadikira kunja kwa mzerewo mpaka bwalo litamulola kulowa pa galeta la akavalo anayi, anthu akumuimbira. Akangoponda mkati asanaloledwe, ulemu wonsewo unkathera pomwepo.

Numeriyo anadikira. Koma m'bwalomo munali mdani wake, Opiteri, amene ankadziwa kuti dzuwa likalowa bwalo siligamula kanthu. Bamboyo ankaimirira m'mawa n'kuyamba kulankhula za tirigu, za ngalande, za agogo ake, mpaka tsiku kutha. Masiku khumi anapita choncho.

Kenaka kunabwera uthenga woti mkazi wa Numeriyo, Sestiya, amene sanamuone zaka zonsezo, wadwala mwakayakaya, madzi sakumeza, akungotchula dzina la mwamuna wake. Numeriyo anatumiza mawu ku bwalo: "Makosana, ndinakupatsani magazi anga. Gamulani lero, ndagwira mwendo."

Opiteri anayankha kuti, "Mwambo si malaya oti munthu n'kuvula kukatentha. Adikire." Napitiriza za ngalande zija.

Asilikali anamuzinga mtsogoleri wawo, kumukumbutsa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, kuti mwina mawa zitheka. Iye anangoti mawa limenelo Sestiya alibe. Anavula chovala chake chofiira, napereka lupanga kwa msilikali wamkulu, naponda mkati mwa mzere.

Anamupeza Sestiya akupumabe. Mayiyo anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Mwakalambatu, bambo. Nanga galeta lija lili kuti?"

"Ndabwera wapansi, mayi."

"Mwachita bwino. Akavalo akadachedwa."

Anatsirizika tsiku lomwelo, dzanja lili m'manja mwa mwamuna wake.

Pa tsiku la maliro asilikali anasiya zida kunja, nalowa ngati anthu wamba, nasenza chithatha. Anadutsa msewu womwe galeta likadadutsa, kungoti iwo ankatuluka mumzinda kupita kumanda.

Pa mwala wolembedwa mayina a opambana nkhondo, dzina la Numeriyo palibe. Koma zidzukulu zake, zikafika pa mzere uja, akuti zinkatsika pa akavalo n'kuwoloka wapansi.